Mkono wa mnyamata wa Lachisanu

Sabata yathayi ndinaletsa woponya wathu wodalirika kulowa m'bwalo. Timu inagonja masewero awiri mwa atatu, ndipo pofika Lamlungu anthu ondipatsa moni mu dugout, momwe timu imakhala pa masewero, anali ochita kuwerenga. Ndikulemba mtima usanatsike, ndiye amene mukufuna nkhani yoyeza mbali zonse mundikhululukire.

Ndine athletic trainer, wosamalira kuvulala kwa osewera, wa timu ya baseball pa yunivesite ina ya Division I kuno ku America. Si ya m'magulu a mayunivesite a ndalama ngati SEC ayi. Ndi imodzi mwa zija zoyenda pa basi usiku wonse, anyamata n'kumalemba ma assignment pamaondo. Mnzanga amene tinkagawana naye ntchito anachoka mu Januwale, anapita ku chipatala cha mafupa komwe amaweruka dzuwa likadalipo. Malo ake mpaka lero akuti "akuwaganizira". Dokotala wa timu amabwera Lachitatu madzulo basi. Masiku ena onse mapewa, misana, akakolo ndi zigongono za timu yonse zili m'manja mwanga.

Lolemba ndi tsiku lopuma limene malamulo a NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'mayunivesite, amapatsa osewera. Osewera, osati ine. Ndinatikita, ndinamanga ayezi, ndinalemba mafomu. Lachiwiri tinali ndi masewero a pakati pa sabata koyenda, aja amene kochi amaponyetsa aliyense amene mkono wake ukudzuka. Tinapambana, tinafika pakati pa usiku, palibe chonena.

Nkhani inayamba Lachitatu ku bullpen, kumene oponya amakonzekerera. Mnyamata wathu wa Lachisanu, woponya wodalirika uja amene amatsegula masewero a kumapeto kwa sabata, ali m'chaka chachitatu, kutanthauza kuti draft ya mu Julaye, pamene matimu a ligi yaikulu ya MLB amasankha osewera atsopano, ikumuyembekezera. Amaponya ndi dzanja lamanja, liwiro lake limasewera pa mamailosi 94 kapena 95 pa ola. Lachisanu la sabata inayo anamusiya kuponya mipira 119 kukuzizira, chifukwa oponya olowa m'malo anali atatheratu. Palibe lamulo limene linaphwanyidwa. Masekondale a kuno akhala ndi malire a mipira kuyambira 2017, koma mwana yemweyo akangofika ku yunivesite NCAA ilibe malire alionse, zimangodalira chikumbumtima cha kochi. Ndiye Lachitatu ndikuyang'ana TrackMan, makina oyeza liwiro la mpira, ndikuona 89, 90, 89. Mpira ukuthawira m'mwamba kumbali ya mkono wake. Akaponya akukutumula dzanja ngati lanyowa. Amene mwakhalitsa pa ntchitoyi mukudziwa kale kumene ndikupita.

Ndinamuitanira m'chipinda. Iye akuti, "Palibe kanthu, mkono wangomangika pang'ono." Onse amatero. Nditadina m'kati mwa chigongono pamene pamadutsa UCL, mtsempha wogwira mafupa a chigongono, anatsinzina. Pa moving valgus test, kuyeza kopinda chigongono uku ukuchipanikiza, ululu unabwera pamalo pake penipeni, ndipo nditamupanikiza ndi mafunso anavomera kuti chala chaching'ono ndi choyandikana nacho zakhala zikuchita dzanzi kuyambira Loweruka. Anangokhala chete masiku onsewo.

Tsiku limenelo dokotala sanabwere, anali ku opaleshoni. Pa foni anagwirizana nane: asaponye, ajambulidwe MRI yobaya mankhwala m'mfundo. Apa ndi pamene dongosolo lathu linaonetsa maonekedwe ake enieni. Inshuwaransi yoyamba ndi ya makolo a mwanayo, ya ku boma lina, ndipo imafuna chilolezo isanalipire. Ya sukulu imalowa pokhapokha yoyambayo itayankha. Ndinapempha ofesi kuti ilipire kaye, tidzalongosole pambuyo. Anandiyankha kuti bajeti ya zachipatala "yapanikizika". Sukulu yomweyi inagula makamera oyezera kuzungulira kwa mpira, koma ndalama yojambulira mkono umene umaponya mpirawo inasowa. Tsiku loyandikira limene anatipatsa linali Lolemba. Choncho Lachisanu linkabwera ine ndilibe chithunzi, ndili ndi zala zanga ndi mawu anga okha.

Lachinayi m'mawa a kochi anandiitana. Ndinene mosabisa kuti si munthu woipa. Anayamba ngati volunteer assistant, ntchito ija yosalandira malipiro imene NCAA inadzaithetsa mu Julaye 2023. Zaka zambiri ankadya za ma camp a ana m'chilimwe, mkazi wawo ndi amene ankalipira lendi. Anakwera movutika, ndipo kontrakiti yawo ikutha mu Juni. Mkulu wa zamasewero amene alipo pano si amene anawalemba ntchito, ndipo aliyense pa khonde lathu akudziwa tanthauzo lake. Akapanda kufika mu mpikisano wa matimu 64 uja wopita ku Omaha, kumene kumachitikira ndime yomaliza, kapena kungoyandikirako, akalongedza.

Komanso makochi a masiku ano aona makwerero amene akale sankawalota. Tony Vitello anatenga chikho ndi Tennessee mu 2024, ndipo mu Okutobala 2025 San Francisco Giants ya mu MLB inamupatsa timu yonse, kuchoka ku yunivesite molunjika asanagwirepo ntchito mu ligi yolipidwa. Wes Johnson anachoka ku Arkansas kukaphunzitsa oponya a Minnesota Twins, anabwerera ku yunivesite, ku LSU, pakati pa season ya 2022, chaka chotsatira n'kukhala kochi wamkulu ku Georgia. Kochi wathu wa oponya, mnyamata wa zaka za m'ma 30, nkhani zimenezi amazidziwa pamtima. Chimene chingamukweze ndi manambala: ndinamupeza akuponya 88, ndamufikitsa pa 95. Lipoti la MLB la mu Disembala 2024 linaloza chala kuthamangitsa liwiro kumeneku kuti ndiko kukuthyola mikono. Analiwerenga, tinakambirana, anagwedeza mutu. Koma palibe amene analembedwapo ntchito chifukwa choti oponya ake anatsika liwiro n'kukhala athanzi.

A kochi anati, "Tandiuzani, chithunzi muli nacho?"

"Ndilibe, bwana. Lolemba."

"Ndiye mukuletsa mwana chifukwa cha zimene mukuganiza."

"Chifukwa cha zimene ndapeza nditamuyeza, ndipo adokotala agwirizana nazo."

"Mipira 60 yokha. Ma inning anayi. Akangodandaula ndimutulutsa ndekha."

Zinandikumbutsa mwini minibasi amene akuona kuti tayala laonetsa mawaya koma akuti ingopita ulendo umodzi wokha, mawa tisintha. Ndinawauza kuti sindisaina. Kuyambira 2016 NCAA ili ndi lamulo loti mawu a dokotala ndi trainer pa zoti wosewera alowe kapena ayi sangatembenuzidwe ndi kochi. Linayamba ndi magulu akuluakulu, kenako linafalikira. Pa pepala ndi lamulo labwino kwambiri. Chimene pepalalo silinena n'choti amene amasaina fomu yoona kagwiridwe kanga ka ntchito amadya nkhomaliro ndi a kochi, ndiponso kuti ndimakwera basi imodzi ndi anthu amene ndawakaniza.

Lachisanu ma scout, ofufuzira matimu a MLB osewera, anabwera. Mumawadziwa, amakhala kuseri kwa wowakha ndi makina awo oyezera liwiro, osaseka, osaombera m'manja. Anabwera chifukwa cha munthu mmodzi. Bambo a mnyamatayo anayendetsa galimoto kuchokera kutali, ndipo anandipeza pa mpanda ndikudzaza mabotolo a madzi, ntchito ina imene inagwera ine mnzanga atachoka. Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anandifotokozera modekha ngongole imene anatenga kuti mwanayo azisewera m'matimu oyendayenda kuyambira ali ndi zaka 12, ndi fizi imene akulipirabe. Anthu akunja amaganiza kuti aliyense wosewera pa yunivesite amaphunzira ulere. Mu baseball kwa zaka zambiri timu yonse inkagawana ma scholarship 11.7 okha. Mgwirizano wothetsa mlandu wa House, umene osewera anasumira NCAA, mu Juni 2025 unachotsa malirewo n'kuika malire a osewera 34 pa timu m'masukulu amene anaulowa, kutsika kuchoka pa 40. Sukulu zolemera tsopano zikhoza kulipirira onse 34. Yathu inadula anyamata kuti ifike pa 34, koma thumba la fizi linatsala pomwe linali.

"Inu mukudziwa kuti draft ili ndi ma round 20 okha?" anatero. Ndikudziwa. Inali 40, ndipo mu 2021 matimu ang'onoang'ono a MLB anatsika kuchoka pa 160 kufika pa 120. Khomo linachepa. Mwana aliyense wa pa sukulu yaing'ono amadziona mwa Paul Skenes, amene anachoka ku Air Force kupita ku LSU, anatenga chikho mu 2023, n'kusankhidwa woyamba ndi Pittsburgh Pirates pa madola 9.2 miliyoni. Mnyamata wathuyu si Skenes, koma round ya 8 kapena ya 12 inali yotheka, ndipo kwa banja lawo imeneyo ndi ndalama yeniyeni.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi ichi. Panali mfundo imodzi imene inayenera kuthetsa mkangano wonse Lachitatu lomwelo, ndipo panalibe amene anauza banjali. Wosewera akavulala m'theka loyamba la season, asanapitirire magawo 30 pa 100 a masewero, akhoza kupempha kuti chaka chimenecho chisawerengedwe. Koma akangoponya mpira umodzi m'theka lachiwiri, mwayiwo wapita. Pa masewero 56 a season yonse, a Lachisanu lathuli anali kale tsidya linalo la mzere. Mipira 60 ya a kochi ija ikanamudyera mwanayu chaka chathunthu cha kusewera. Imeneyi ndi ntchito ya ofesi ya compliance, yoona za malamulo a NCAA. Ofesiyo ili ndi munthu mmodzi wosamalira masewero onse a pa sukulu, ndipo sabata imeneyo anali atakwiririka ndi mafomu a basketball a transfer portal, ndandanda ya osewera ofuna kusamukira ku sukulu ina. Ndiye ndine, munthu wa mabandeji, amene ndinaima pa mpanda ndi foni m'manja kuwerengera bambo wa mwini lamulo la NCAA. Anamvetsera, sanayankhe, anabwerera kukakhala.

Kutatsala mphindi 40 kuti masewero ayambe, ndikumanga kakolo wa mnyamata wina, wophunzira amene amandithandiza anabwera akuthamanga. Ndinapeza mnyamata uja ali pa chulu cha ku bullpen, atavala gulovu, wowakha atanjuta kale. Kochi wa oponya anaima chapatali manja m'thumba, maso ali kumwamba. Sanamuuze kuti aponye. Sanamuuzenso kuti asiye. Ndinakaima pakati pa awiriwo.

"Chokanipo," anatero mnyamatayo. "Mkono ndi wanga."

"Ndi wako. Ndipatse mpirawo."

"Mukundiphera tsogolo, mukudziwa? Anthu aja sadzabweranso."

"Mwina sadzabwera. Ndipatse mpirawo."

Sanandipatse. Ndinatembenukira kwa wowakha, mnyamata wa chaka chomaliza amene akudziwa kuti iye draft sidzamuitana ndipo wapeza kale ntchito ya uphunzitsi kwawo. Ndinati, "Iwe, dzuka." Anayang'ana kochi wa oponya, anayang'ana mnzake, kenako anavula chigoba kumaso n'kuimirira. Pa anthu onse olipidwa amene anali pabwalo paja, amene anandithandiza ndi mwana wosalandira kanthu. Mnyamata uja anamenyetsa mpira ku mpanda ndi dzanja lamanzere, anakalowa m'chipinda chosinthira. Sindinamutsate. Kakolo uja anali akundidikira, tepi ili lende.

Ma scout ananyamuka inning yachiwiri isanathe. Amene analowa m'malo, mwana wa chaka choyamba, mipira yake inamenyedwa koopsa, tinagonja 11 kwa 3. Ine ndi amene ndinamumanga ayezi pambuyo pake, akunjenjemera milomo.

Loweruka tinapambana. Mpira unamenya womenya wathu pa chipewa, ndinapita naye m'chipinda kukamuyeza mutu, ndipo kwa ma inning awiri pabwalo panalibe wachipatala wathu aliyense. Trainer wa alendo ndi amene anandiyang'anira anyamata, mwaulere, chifukwa nayenso ali yekha kwawoko ndipo amadziwa. Ndinalemba lipoti la zimenezi, lapita kumene kumapita malipoti. Lamlungu tinagonjanso, pang'ono.

Chithunzi chatuluka Lolemba madzulo. UCL yang'ambika mbali imodzi, siinaduke yonse. Adokotala akambirana ndi banja njira zitatu: kupuma ndi kulimbitsa mkono, kusoka ndi internal brace (kalamba kolimbitsa mtsemphawo), kapena opaleshoni yonse ija imene Frank Jobe anayamba pa Tommy John mu 1974, imene imadya chaka kapena chaka ndi theka. Kung'ambika kwa mbali imodzi kumasiya njira ziwiri zoyambazo zili zotseguka. Mipira 60 ikanasiya zingati, aliyense adziyankhe. Fomu yopempha kuti chaka chisawerengedwe ndayamba kuilemba ndekha. Mnyamatayo amabwera ku chithandizo pa nthawi yake, amachita zonse zimene ndamuuza, sandiyang'ana kumaso.

Kuchokera ku ofesi ndalandira imelo yondiitanira ku msonkhano wokambirana "kulumikizana bwino ndi makochi". Za malo a mnzanga uja mulibemo, za MRI imene inadikira kuyambira Lachitatu mulibemo. Ndipita ndi buku langa lolembamo nthawi ya foni iliyonse.

A kochi anabwera okha m'chipinda changa usiku womwewo, anakhala pa tebulo lotikitira, anaoneka okalamba. Anafunsa ngati mwanayo akumva ululu, ndinawayankha. Anafunsa kuti angadzaponye liti, ndinawayankha. Kenako anafunsa ngati munthu amene sadzaponya chaka chamawa adzawerengedwabe pa 34 paja, chifukwa pali woponya wina mu portal amene akumuyang'ana. Ndinawauza kuti limenelo akafunse a compliance.