Mapu a chivomezi andidyera masabata atatu

Lero ndiye ndapumako. Mapepala athu opempha kukuza mtaya wa zinyalala kuno ku America adutsa, koma ndikakumbukira momwe andizunzira, mtima ukuwawabe.

Za kulemba mafomu sindinena, aliyense angathe. Pomwe pagona nkhani ndi pa chivomezi. Malamulo a EPA, bungwe la boma la America loteteza chilengedwe, amati mtaya watsopano kapena wokuzidwa utalikirane mamita 60 ndi mng'alu wa pansi womwe unasunthapo m'nyengo ya Holocene, kutanthauza zaka pafupifupi 11,700 zapitazi. Amatinso ngati pali mwayi wa 10 peresenti kapena kuposerapo woti nthaka igwedezeke kuposa 0.10g (gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yokokera zinthu pansi) m'zaka 250, muyenera kusonyeza kuti pulasitiki woyala pansi ndi mapaipi otulutsa madzi onunkha aja zidzapirira. Ine ndinatsegula mapu a zivomezi a USGS, bungwe la boma lofufuza za nthaka ndi miyala, n'kutenga nambala ya 10 peresenti m'zaka 50. Si imeneyo ayi. Yoyandikana ndi lamuloli ndi ya 2 peresenti m'zaka 50. Chonde yang'anitsitsani zakazo musanakopere nambala.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi ofesi yolandira mapepalayo. Anawasunga masabata atatu, kenako n'kuwabweza ndi mzere umodzi wokha, woti nambala sizikugwirizana. Nambala ziti? Palibe wonena. Foni inkangolira, makalata osayankhidwa. Ndinadzuka m'bandakucha, kuyendetsa galimoto maola awiri, kukakhala pa benchi mpaka masana, n'kuuzidwa kuti mkulu wake ali kumsonkhano. Ndili pafupi kunyamuka, mayi wina wa pa desiki anandiitana. "Bambo, tabweretsani tione." Anavala magalasi, n'kuloza ndi cholembera pomwe panalembedwa 10 peresenti m'zaka 50. Mphindi ziwiri zokha. Zikanavuta chiyani kulemba zimenezi m'kalata ija?

Mayi yemweyo anaonanso kuti mapu anga anali a 2014, pomwe USGS inatulutsa ena mu 2018 ndi 2023. Lembani chaka cha mapu pansi pa chithunzi chilichonse.

Ndaiwala za moto, ngakhale zinayamba ndi zimenezo. Malo athu achita malire ndi tchire la udzu wautali, ndipo mtaya umatulutsa mpweya wa methane womwe suchedwa kuyaka, choncho a ku ofesi ija anafuna kudziwa kuti moto wolusa wadutsapo kangati. Apa sindinavutike. FIRMS, ntchito ya mapu a moto ya bungwe la za m'mlengalenga la NASA, ndi yaulere pa intaneti, imaonetsa timadontho tofiira pomwe masetilaiti anaona moto. Ndinaphatikiza ndi chithunzi cha msewu wolambula wotchinga moto, zinatheka tsiku limodzi.

Koma za chivomezizo ndibwerezenso: 10 peresenti m'zaka 250, osati 50. Ndipo akakubwezerani mapepala osafotokoza, musadikire foni. Pitani komweko mutanyamula mapu osindikiza, mufunse amene ali pa desiki.