Mlendo akadwalira kutsidya, alipire ndani?

Isle of Man ndi chilumba cha anthu pafupifupi 84,000. Chili ndi nyumba yamalamulo yakeyake, Tynwald, ndipo si gawo la United Kingdom. Choncho munthu wa ku Douglas, likulu la chilumbachi, akakomoka ali ku Liverpool ku England, chipatala chimamuwerengera ngati mlendo wakunja. Chomwe chimamutchinjiriza ku ngongole ndi mgwirizano woti mbali iliyonse izisamalira alendo a inzake.

Mgwirizano wotere umatha kuduka. Boma la UK linathetsa wake ndi Jersey ndi Guernsey mu 2009, ponena kuti ndalama zomwe linkapereka kuzilumbazo sizinkagwirizana ndi chithandizo chomwe anthu ake ankalandira. Wa Isle of Man unayenera kutha pa 31 Marichi 2010, koma anautalikitsa ndi miyezi 6 mpaka watsopano unapezeka. Jersey inabwerera mu 2011. Guernsey inadikira mpaka pa 1 Januwale 2023.

Chinamasula mfundo chinali kuchotsamo nkhani yolipirana. Aliyense amathandiza alendo ndi ndalama zake, osatumizirana mabilu. Chilumba chikafika pa zokambirana chitagwira mbale yopemphera, mnzake wamkuluyo amangonyamuka, chifukwa akudziwa kuti wovutika kwambiri mgwirizano ukafa si iye.

Ntchito yeniyeni ili pa mawu. Choyamba, wotetezedwa ndani? Nzeru ndi kutengera komwe munthu amakhala, osati pasipoti yake, ndipo mgwirizanowo utchule pepala lomwe mlendo adzaonetse pa desiki yolandirira odwala. Kalaliki wogwira usiku sawerenga mapangano a maboma. Akapanda kuuzidwa, amalemba bilu. Kutalika kwa ulendo kumalembedwanso: wa Isle of Man wa mu 2010 unkateteza alendo okhala miyezi yosapitirira 3.

Povuta kwambiri ndi pa tanthauzo la chithandizo chofunika msanga. Ku England aliyense amathandizidwa ulere ku chipinda cha ngozi, koma akangomugoneka mu wodi, mlendo wosatetezedwa amalipira, ndipo kuyambira 2015 mtengo wake ndi 150 peresenti ya mtengo wa NHS, nthambi ya zipatala za boma kumeneko. Ndiye mgwirizano uyenera kumutsata wodwala mpaka pabedi. Nanga wa matenda amgonagona amene amukulira ali paulendo? Wodalira makina osefa magazi katatu pa sabata? Mayi woyembekezera amene nthawi yamukwanira msanga? Zimenezi zitchulidwe chimodzichimodzi, apo ayi dokotala aliyense azigamula mwakemwake, ndipo mkangano umadzagwera wodwala.

Pali mpata umodzi womwe umagwetsa mabanja ambiri: kubwerera kwawo. Taganizirani mlendo wobwera kudzaonera mpikisano wa njinga zamoto wa TT ku Isle of Man, wagwa, wathyoka chiuno, wagonekedwa ku Noble's Hospital, chipatala chachikulu cha pachilumbachi. Opaleshoni ndi yaulere, koma ndege yonyamula odwala, ndi namwino womuperekeza, mgwirizano sulipira. Zikatero munthu amakhalitsa pabedi lomwe chipatala chaching'ono chikulifuna. N'chifukwa chake maboma onse awiri amalimbikitsabe inshulansi yapaulendo, ngakhale kuti okalamba ndi odwaladwala, omwe akuifuna kwambiri, ndi amene amaipeza modula.

Odwala otumizidwa dala kutsidya, monga a khansa kapena ana opita ku Alder Hey, chipatala cha ana ku Liverpool, asasakanizidwe ndi alendo. Amenewo chilumba chimawalipirira pa kontirakiti ina, ndipo kuphatikiza ziwirizi m'thumba limodzi kumasokoneza mawerengero.

Okambirana a chilumba apite ndi ziwerengero zawozawo: alendo angati anagonekedwa chaka chilichonse, masiku angati, pa mtengo wanji. Akakamirenso ndime yonena za kuthetsa mgwirizano, yopereka chidziwitso cha miyezi yokwanira kuti anthu auzidwe ndiponso kuti amene ali kale m'chipatala tsiku lomalizalo amalize chithandizo chawo osalipitsidwa.