Tomato sosi anandichedwetsa pa chinkhoswe

Chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga chatha, anthu adya, tsopano mtima wakhala m'malo. Koma Loweruka m'mawa ndinatsala pang'ono kulira chifukwa cha tomato sosi, uja a ku America amati ketchup.

Ine anandipatsa ntchito ya nkhuku zowotcha. Kaphikidwe komwe ndinatsatira n'ka ku America, ndipo anthu amenewo chilichonse amayeza ndi makapu. Makapu awiri a tomato sosi, kenako shuga, viniga, adyo. Zimenezo n'za banja limodzi, ine ndimafuna kakhumi, ndiye kuti makapu 20. Kugolosale sagulitsa m'makapu, ndiye ndinakhala pansi kuwerengera. Kapu ya ku America ndi mamililita pafupifupi 237, ambiri amangoti 240. Ndinachulukitsa 240 ndi 20, ndinapeza makilogalamu 4.8, n'kugula okwana pomwepo, osaonjezera ngakhale kabotolo.

Anthuni, mililita imodzi imalemera galamu imodzi ngati ali madzi. Tomato sosi ali ndi shuga wambiri komanso mnofu wa tomato, ndiye amalemera kuposa madzi, pafupifupi magalamu 1.15 pa mililita. Ku Britain botolo la Heinz la mamililita 400 amalilemba magalamu 460, mugawe nokha muone.

Chomwe chikundiwawa mpaka lero n'choti ndisanagule ndinayang'ananso pa intaneti, ndipo tebulo lina la miyezo linalembadi kuti kapu imodzi ya tomato sosi ndi magalamu 240. Tebulo lomwelo, mzere wapansi pake, likuti supuni yaikulu imodzi ndi magalamu 17. M'kapu mumalowa masupuni 16. Ndiye 17 kuchulukitsa ndi 16 si 272? Manambala awiri akutsutsana pamalo amodzi, ine n'kutola wolakwikayo. Makapu 20 amafuna makilogalamu oposa 5.4. Ndinaperewera magalamu 640.

Ndinazindikira makala atayaka kale pa mbaula zitatu. Ndinatuma mnyamata pa kabaza, golosale yapafupi asanatsegule, anapitirira mpaka kumsika. Maola awiri athunthu! Makala akungonyeka, nkhuku zili m'beseni, azakhali akudutsadutsa n'kumafunsa kuti, "Kodi mwana iwe, akuchimuna akafika adya utsi?" Ndinangoti zii.

Ndinaiwala kunena za kapu. Musayeze ndi kapu yomwera tiyi, zija zimasiyana kukula nyumba ndi nyumba. Ngakhale makapu oyezera enieni safanana: ya ku South Africa ndi ku Australia ndi mamililita 250, yomwe ikadzadza tomato sosi imafika magalamu pafupifupi 288. Ku Australia supuni yaikulu ndi mamililita 20, osati 15. Muyambe mwaona kumene kaphikidweko kachokera.

Komanso kuyeza makapu 20 imodziimodzi n'kudzizunza. Sosiyu amakakamira m'kapu, ukakokota ndi supuni wina amatsalabe, ndipo kapu iliyonse umataya pang'ono. Mnyamata uja atabwera ndinabwereka sikelo ya batire kwa mayi woyandikana nafe amene amaphika makeke. Ndinaika poto pamwamba, n'kudina batani lolembedwa tare kuti ibwerere pa ziro, ndiye n'kumangofinya botolo mpaka nambala yakwana. Shuga naye chimodzimodzi, kudina ziro n'kuthira. Mphindi zisanu zokha, ziwiya zotsuka palibe.

Ngati mulibe sikelo, gwirani nambala imodzi yokha, supuni yaikulu ya tomato sosi (ya mamililita 15) ndi magalamu 17. Yaing'ono ya tiyi ndi pafupifupi 6. Theka la kapu ya ku America ndi 136. Ndikubwerezanso, 17, ndipo supuniyo ikhale yoyezera, yosalaza pamwamba, osati yaphiri ngati mukutapa ufa. Ine ndalemba nambalayi ndi makala kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, achemwali afunsa kale kawiri ngati ndi ngongole ya munthu.