Lachinayi: tsiku lathera kunsi kwa Toyota 86

Mvula ya usiku yasiya matope pakhomo pa galaja, ndiye ntchito yoyamba inali kuyala matabwa pangalande kuti Toyota 86 ya kasitomala wathu ilowe. Magalimoto ena amangodutsa pamenepo osaganizira n'komwe, koma iyi ayi. Kuchokera pansi kufika pamimba pake pali masentimita pafupifupi 13, pomwe Hilux ili ndi oposa 20. Mwini wake ndi mnyamata wa ku Machinjiri. Anaiitanitsa ku Japan, inatsikira pa Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ndipo amaipukuta kawiri asanaikwere.

"Madala, dzulo ndamva kuti gu! kunsiku. Mundiikire chitsulo chokhuthala, ngakhale cha thiraki."

Ndinati tione kaye. Tinaiimika padzenje, ine n'kutsika ndi tochi.

Galimoto imeneyi anaipangira limodzi a Toyota ndi a Subaru, inatuluka mu 2012, ndipo injini yake, FA20, ndi ya Subaru: masilinda anayi ogona chammbali, awiri uku awiri uko. Injini yophwatalala chonchi imatheka kuikhazika pansi kwambiri, n'chifukwa chake pamakona a msewu wa ku Thyolo galimotoyi sipendekeka kwambiri. Koma zikutanthauzanso kuti sampu, mphika uja mumakhala oyilo, ili pafupi ndi miyala. Kufakitale anaikako kale kapuleti ka aluminiyamu, koma n'kopyapyala, kotchinga madzi ndi timiyala tothamanga, osati mwala wokhazikika m'nthaka. Kameneko kanali katapindikira m'mwamba, ndipo titakachotsa tinapeza sampu italowa mkati.

Mnyamatayo anamwetulira ataona kuti oyilo sakudontha. Ine sindinamwetulire. Sampu ya aluminiyamu, monga ya ma Golf ena, ikagunda mwala imasweka, oyilo n'kutayika, ndipo umadziwa pompo kuti zavuta. Yachitsulo ngati iyi imangophwanyikira mkati, osadontha. Mkatimo muli paipi yokhala ndi kasefa kumapeto, imene pampu imayamwira oyilo, ndipo kukamwa kwake kumakhala pafupi kwambiri ndi pansi pa sampu. Pansipo pakatukuka, mpata uja umachepa, oyilo amakwera woperewera, makamaka injini ikamathamanga, ndipo mabering'i, tizitsulo timene zitsulo zozungulira za m'kati mwa injini zimatsetserekapo, amayamba kudyeka munthu akuyenda akumvera wailesi. Choncho nkhani ya chitsulo chotchinga tinayamba taiika padera. Tinakhetsa oyilo, tinamasula mapaipi a ekizozi amene amadutsa pomwepo, n'kuchotsa sampuyo. Kuiwongola ndi hamala pathabwa sikunatenge nthawi. Chimene chimafuna mtima wodekha ndi kumata pobwezeretsa, poti pamenepa palibe gasiketi, timagwiritsa ntchito silikoni. Ukathira wambiri amafinyikira mkati, kenako amathothoka n'kukatseka kasefa komwe kaja. Mnyamata wanga wophunzira ntchito amakonda kufinya chubu mowolowa manja, ndiye ndinamuimirira pamsana mpaka anamaliza.

Cha m'ma 11 koloko tinapita ku Ginnery Corner kukasaka puleti. Kasitomala anali akadali pa chitsulo chake cha thiraki, ndiye ndinamuwerengera papepala. Tikufuna chidutswa cha masentimita 80 mulitali ndi 70 mulifupi. Chitsulo cha mamilimita 6 chilemera makilogalamu 26, cha mamilimita 3 chilemera 13, aluminiyamu wa mamilimita 5 safika n'komwe 8. Makilogalamu 26 olendewera kumphuno kwa galimoto imene anaipanga dala kuti ikhale yopepuka ndi kuiwononga. Aluminiyamu ndiye akanakhala bwino, sachitanso dzimbiri, koma mtengo wake unatibweza, komanso makina athu owotcherera sagwira aluminiyamu. Tinagula chitsulo cha mamilimita 3. Chopyapyala chikapindidwa m'mphepete n'kuwotchereredwa timizere tiwiri tolimbitsa chimapirira kuposa momwe anthu amaganizira.

Pa nsima panabuka mkangano. Mnzanga wa zamagetsi akuti galimoto yotere kuno kwathu ndi chibwana, munthu wanzeru amagula Probox. Mwina akunena zoona, koma iyeyo ndi amene anali woyamba kupempha kuti akhale pampando wa dalaivala awajambule.

Masana onse anathera pa kuyeza. Timayamba ndi katoni, kudula, kuyesa, kudulanso, kenako n'kusamutsira pachitsulo. Wophunzira uja anaona mabauti awiri pa injini n'kunena kuti timangirire pamenepo. Ayi ndithu. Chotchinga chikamangidwa pa injini, mwala ukagunda mphamvu yonse imapita ku injini komweko, ndiye watchinga chiyani? Chimayenera kugwira pa chitsulo chopingasa chimene chimanyamula injini ndi pa mafupa a galimoto, ndipo tinagwiritsa ntchito mabowo a mabauti amene analipo kale, osaboola kapena kuwotcherera pathupi la galimoto. Chinanso, injini imakhala pa malabala, imagwedezeka ukaponda mafuta. Pakati pa chitsulo ndi sampu pamafunika mpata woti chala chilowe. Ukachepetsa, ziwirizi zizigundana, ndipo chitsulo chikapindika pang'ono chikaphwanya chinthu chomwe umati uteteze. Ukachulukitsa, wadya masentimita 13 aja. Ife tataya pafupifupi sentimita imodzi, ndipo ndinamuuza mwini wake mosabisa: galimoto yanu tsopano izikhula pansi kawirikawiri kuposa kale, kungoti chokhulacho chizikhala chitsulo cha kwacha zochepa.

Kutsogolo tinakupinda kuti kukwere ngati mphuno ya bwato, kuti mwala uzitsetsereka kunsi m'malo mokodwa pamlomo. Chotchinga chokodwa chimazuka ndi mabauti omwe, nthawi zina n'kung'amba ndi zina zimene zinali bwinobwino. Mitu ya mabauti nayo tinaizunguliza ndi timphete tachitsulo, chifukwa mutu wotulukira kunja umadyeka pa mahampu mpaka sipanala osagwiranso. Bowo lokhetsera oyilo tinaboola lalikulu loti dzanja lilowe. La fyuluta ya oyilo silinafunike, poti pa injini iyi fyuluta ili pamwamba, ukangotsegula boneti waiona. Tinaboolanso mabowo pafupi ndi ekizozi kuti kutentha kuzituluka, ndi ena kumbuyo otulutsa madzi ndi matope. Nyengo ino matope amadzadza pamenepo n'kuuma, ndipo mu Okutobala amalowa ndi udzu wouma, umene suyenera kugona pafupi ndi paipi yotentha. Pomaliza tinapaka penti yoteteza dzimbiri.

Tili mkati momanga, mnyamatayo anandionetsa pafoni masipuling'i otsitsa galimoto amene akufuna kuitanitsa. Ndinangomuyang'ana. Anabweza foni m'thumba.

Silikoni amafuna nthawi kuti agwire, ndiye oyilo, malita 5.4, tithira mawa m'mawa. Galimoto yagona pagalaja, ndipo mwini wake ndinamuperekeza pa Corolla yanga yakale, mwina n'cholinga choti ndione msewu umene wachita zonsezi. M'njira ndinkamuonetsa: buleki ponderani musanafike pa hampu, mukafika muisiye, chifukwa galimoto yoponderedwa buleki imaweramitsa mphuno nthawi yomwe ikufunika kuitukula. Hampu yaitali muziilowa chopingasa, tayala limodzi kenako linzake, ngati kutsogolo kulibe wina. Titasiya tala ndinaona vuto lenileni. Madzi akumba mizere iwiri momwe mumaponda matayala, pakati patsala mtumbira wa miyala. Pamenepo 86 singayende m'mizeremo, tayala limodzi liyenera kukwera pamtumbirapo.

"Nanga kanyali ka oyilo kakayaka, ndingafike nayo kwa inu, madala?"

"Ayi achimwene. Kofiira kaja kakayaka, imani pomwepo, zimitsani injini, mundiimbire."

Abwera Loweruka la sabata yamawa kuti tidzakungenso mabauti akayenda nayo pang'ono. Bampala yakutsogolo ndiye ndamuuziratu kuti ilibe mankhwala, izingokandika.