Aneba anandifunsa buku loti agulire mwana

Loweruka, usiku

Magetsi azima kuyambira cha m'ma 6 koloko, ndiye ndikulemba izi pafoni, ana atagona kale. Lero lonse lathera pa mabuku, chikhalirecho podzuka ndinkangoganiza zochapa ndi kukagula ufa.

Zinayamba m'mawa ndili pabeseni. Aneba anga, mayi amene amagulitsa tomato ndi usipa pamsika wathu, anasuzumira pampanda n'kundipatsa moni, kenaka anatsitsa mawu.

"Madamu, ndalandirako kangachepe ku banki mkhonde. Ndikufuna ndimugulire mnyamata wanga uja buku. Ali Sitandade 3 koma akamawerenga amangoti njenjenje, mzere umodzi mpaka thukuta. Ndigule lotani? Ine ndimati la Chingerezi, kuti achangamuke msanga."

Ndaphunzitsa Sitandade 2 zaka zambiri ndithu, koma funsoli linandigwira pakhosi. Makolo amandifunsa za yunifolomu, za mayeso, za ndalama ya chitukuko. Za buku loti mwana aziwerenga kunyumba, mwa kufuna kwake, safunsa kawirikawiri. Ndipo ndalama ya mayiwa ndi ya thukuta, yosayenera kuitaya pa buku limene likagone pansi pa matiresi. Ndinawapempha kuti andipatse tsikuli, ndiwayankha madzulo.

Nditayanika zovala ndinatenga mtsikana wanga wa zaka 8 ndi mwana wa achimwene amene tikukhala naye, wa Sitandade 7, tonse pa minibasi mpaka ku City Centre kuno ku Lilongwe, ku laibulale yaikulu ya National Library Service. Ambiri amaiona ngati malo a ophunzira a MSCE ndi a kukoleji, chonsecho ili ndi mbali ya ana, ndipo bungweli lakhala likusindikiza lokha timabuku ta ana totchedwa Werengani, tina m'Chichewa, tina m'Chingerezi. Ndi bungwe lomweli limene, mothandizana ndi a UNESCO, linayendayenda m'maboma kujambula agogo akusimba nthano kuti zisapite nawo kumanda.

Ndikalowa ndi ana m'malo otere ndimadziletsa kuwasankhira. Ndimakhala pambali n'kumaona kumene dzanja lawo likupita. Mtsikana wanga anatola mabuku atatu, awiri anangowatsegula n'kubweza. Lachitatu anakhala nalo pansi, miyendo atapinda. Linali Galimoto, lolembedwa ndi Karen Lynn Williams, mayi wa ku America amene anakhalako kuno kwathu, ndipo linatuluka mu 1990. Ndi la Chingerezi, koma nkhani yake ndi ya pakhomo: mnyamata wa zaka 7 dzina lake Kondi akuyenda m'mudzi monse kutolera mawaya kuti apange galimoto yake. Mwanayo Chingerezi chake n'chochepa, komabe anaitsata nkhani yonse, chifukwa chigayo chimene chili pa chithunzi akuchidziwa, zitenje za amayiwo akuzidziwa, galimoto ya mawaya anaionapo ikupangidwa kuseri kwa nyumba yathu. Anandikoka chitenje n'kunena kuti, "Amayi, awa ndi a konkuno!" Mawu amenewo ndawasunga.

Mwana wa achimwene ndinamusonyeza nkhani ya William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind. Buku la akulu linatuluka mu 2009, atalemba limodzi ndi Bryan Mealer, ndipo la zithunzi, la ana aang'ono, linabwera mu 2012. Liliponso lofupikitsidwa la a msinkhu wa Sitandade 7 mpaka Fomu 2. Ine chimene chimandikhudza m'nkhaniyi si makina a mphepo opangira magetsi amene William anapanga okha ayi. Mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu uja, njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa pasukulu chifukwa cha fizi, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka kwawo, ndipo n'kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina a mphepo pachikuto. Chingerezi chinkamuvuta, ankadalira zithunzi ndi zojambula. Zipangizo za makinawo anazitola kudzala ndi kwina: zitsulo za njinga, fani ya thirakitala, mitengo ya bulugama. Mnyamata wathuyu, amene kunyumba amamasula wailesi iliyonse yakufa, anawerenga osadzutsa mutu mpaka ndinachita kumugwedeza kuti tizipita.

Titatuluka tinatsikira ku Old Town kuti ndikaone zimene aneba angagule ndi ndalama yawo. Apa ndiye mtima unandiwawa. M'sitolo ina ya mabuku ndinafunsa za mabuku a ana a m'Chichewa. Mnyamata wogulitsa anandilozera kangodya kamene kanali ndi mabuku a silabasi ndi mapepala a mayeso akale. A nthano, a zithunzi, oti mwana wa zaka 6 aseke nawo, anali owerengeka ndi zala za dzanja limodzi. A Chingerezi ndiye anali mbwee, okongola, a mapepala onyezimira, mtengo wake woposa phindu la aneba la sabata yathunthu.

Panja, pakhonde la masitolo, pali anyamata amene amayala mabuku a kaunjika pa thumba. Kumeneko mitengo n'njabwino ndipo munthu umatha kunenerera. Koma tatsegulani muone: ana ovala majekete akuseweretsa chipale chofewa, agalu ogona pabedi, zakudya zimene ngakhale ine sindikudziwa kuti zimakoma bwanji. Sindikunena kuti ndi oipa. Mwana amene wayamba kale kuthamanga powerenga ayenera kudziwa kuti dziko ndi lalikulu, ndipo mabuku amenewa amamutsegulira zenera. Koma kwa mwana amene akulimbana ndi kulumikiza "nkha" ndi "ni", kumupatsa buku lotere ndi kumusenzetsa mitolo iwiri pakamodzi: chiyankhulo chachilendo ndi moyo wachilendo. Amatula yonse iwiri n'kupita kukasewera mpira.

Pakati pa muluwo ndinaona chikuto chothetheka chimene ndinachizindikira ndisanawerenge n'komwe: Sikusinja ndi Gwenembe, la John Gwengwe. Ndinagula osanenerera. Amene tinaliwerenga tili ana sitiiwala kambalame kaja koimba, koulula zimene Gwenembe anachitira m'bale wake panjira chifukwa cha nsanje. Si buku la mwana wa Sitandade 1, muli imfa, ndipo Chichewa chake n'chakuya. Koma kuyambira Sitandade 6 kupita m'tsogolo, ndilibe lina limene ndingaliike patsogolo pake. Gwengwe yemweyo analembanso Kukula ndi Mwambo. Kwa aphunzitsi ndi makolo ndimaonjezera Nzeru za Kale la Stevenson Kumakanga, la miyambi, chifukwa mwambi umodzi pa chakudya chamadzulo umabala nkhani ya theka la ola. Ana a kusekondale asamalize sukulu asanagwire Nthondo la Samuel Josiah Nthara, limene linatuluka mu 1933, agogo athu ali ana. Mabuku amenewa akusowa, ndipo amene muli nawo m'masutikesi, atulutseni, njenjete zisawamalize.

M'minibasi pobwerera ndinkakumbukira Sosa, buku lathu loyamba la Chichewa, ndi Timve ndi Tsala amene anatiphunzitsa Chingerezi. Tinkagwirizana atatu kapena anayi buku limodzi. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994 ana anachuluka kwambiri m'makalasi, ndipo m'kalasi langa chaka chino apitirira 100. Ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga, National Reading Programme, imene inayamba mu 2016 ya Sitandade 1 mpaka 4, inatithandiza: timayamba ndi maliwu a malembo, kenaka maphatikizo, mawu, ziganizo. Ndimaikhulupirira, ndaona ana ikuwatsegula pakamwa. Koma m'kalasi la ana 100, mwana mmodzi amawerenga mokweza ine ndikumumvetsera mwina kamodzi pa sabata, kwa mphindi imodzi. Kuwerenga mosadodoma sikubwera ndi mphindi imodzi. Kumabwera ndi kubwereza, tsiku ndi tsiku, pali munthu wamkulu pambali amene akumvetsera. Munthu ameneyo sangakhale ine kwa ana onsewo.

Cha m'ma 4 koloko aneba anabwera ataweruka kumsika, mwana wawo ali pambuyo, manja kumbuyo ngati waitanidwa ku ofesi ya ahedi. Ndinayala mkeka pakhonde.

Ndinawauza mosabisa kuti buku loyamba likhale la Chichewa. Nkhope yawo inagwa pang'ono. "Nanga Chichewa si amachidziwa kale, madamu?" Ndinati amachiyankhula, inde, ndipo n'chifukwa chake. Chichewa chimalembedwa monga mmene chimamvekera. Tili ndi a, e, i, o, u basi, ndipo "ma" ndi "ma" kulikonse kumene mungamupeze. Mwana akagwira ma, me, mi, mo, mu, akagonjetsa aja ovuta monga ng'o, mpha, ntchi ndi nkhwa, palibe mawu a Chichewa amene angamukanike. Ndipo akawatchula amawamva nthawi yomweyo, amaseka pamene pali poseketsa. Chingerezi sichitero: lembo limodzi limamveka mosiyanasiyana, ndipo mwana atha kutchula mzere wonse bwinobwino osatolapo kanthu. Luso lolumikiza malembo mwana amaliphunzira kamodzi kokha. Akaliphunzira m'chiyankhulo chimene amalotera, amapita nalo ku Chingerezi ali ndi mphamvu. Chingerezi adzachifuna ndithu, poti kusukulu maphunziro ambiri ndi mayeso zili m'Chingerezi, koma nyumba sitiyambira kudenga.

Kenaka ndinawaonetsa mmene ndimayesera ngati buku likumukwana mwana. Atsegule tsamba lililonse, awerenge, ndipo mawu aliwonse amene amukanika apinde chala chimodzi. Zala zisanu zikatha tsamba lisanathe, bukulo lidikire chaka chamawa, kapena wamkulu azimuwerengera. Akapanda kupinda ngakhale chimodzi, n'lopepuka, komabe musamulande, mwana amakonda kubwereza chimene akuchitha. Muonenso zilembo ngati zili zazikulu, mizere ngati ili yochepa pa tsamba, ndi zithunzi ngati zikuthandiza kusimba nkhaniyo. Ndipo nkhaniyo ikhale nkhanidi, yoti munthu afune kudziwa chimene chichitike. Timabuku tina timangolalikira, "sambani m'manja, mverani makolo", popanda Kalulu, popanda Fisi, popanda chodabwitsa chilichonse. Ana amatinunkhiza patali.

Apa mayiwo ananena chimene ndikuganiza kuti chinkawavuta kuyambira m'mawa. "Komatu ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4. Ndimuthandiza bwanji?" Ndinawayankha kuti safunika kukhala mphunzitsi. Akhale naye pansi pamene akusankha usipa kapena akupatula tomato, iye aziwerenga, iwo azimvetsera, n'kumamufunsa kuti, "Ndiye zinatha bwanji? Iweyo ukanatani?" Akalakwitsa asamukalipire, chifukwa mwana amene wamenyedwapo chifukwa cha buku amaliona ngati chikwapu.

Pafoni yanga ndinawatsegulira African Storybook, tsamba la pa intaneti limene bungwe la Saide la ku South Africa linayambitsa. Pali timabuku ta zithunzi taulere m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, ndipo ta Chichewa ndi Chinyanja tilipo, tosanjidwa kuyambira ta mawu ochepa mpaka ta ndime zitalizitali. Tina Chinyanja chake n'cha ku Zambia, mawu ena amasiyana ndi athu, choncho ndimayamba ndawerenga ndekha. Munthu utha kutsitsa kamodzi n'kumawerenga popanda bandulo, kapena kukasindikiza pamalo a fotokope n'kusoka ndi ulusi. Aphunzitsi anzanga, ichi chokha chingadzaze katoni ya mabuku pakona ya kalasi. Tinagwirizana kuti Lolemba ndisindikiza tinayi, iwo alipira mapepala, ndipo yotsalayo asunge kuti tsiku lina tidzapite limodzi ku laibulale akamulembetse mwanayo.

Magetsi atazima anawo anakana kubalalika. Ndinayatsa kandulo, ndipo mtsikana wanga anayamba yekha: "Chilape!" Onse: "Nachize!" "Nyumba yopanda khomo." Mwana wa aneba, amene masana onse sanatsegule pakamwa, anakuwa kuti, "Dzira!" Kenaka anawo anaumiriza mayi ake kuti asimbe nthano. Anakanakana, koma mapeto ake anati, "Padangokhala," ife "Tilitonse," ndipo anasimba ya Kalulu amene anakana kukumba nawo chitsime, mpaka Kamba anamugwira. Anaisimba ndi nyimbo yake yomwe, mawu a Njovu akulu, a Kalulu ang'ono. Mayi amene ankati sangathandize mwana wawo!

Ndinatenga kope lakale ndi bolopeni n'kulemba nthanoyo pamene ankasimba, ziganizo zifupizifupi, zilembo zazikulu, chiganizo chimodzi kapena ziwiri pa tsamba, pamwamba ndikusiya malo. Anatuluka masamba 9. Ndinamupatsa mnyamatayo kuti ayese tsamba loyamba pa kuwala kwa kandulo. Anaika chala pansi pa mawu. "Ka-le-ka-le ku-na-li chi-la-la." Anaima, anayang'ana mayi ake, n'kubwerezanso mwamsanga, "Kalekale kunali chilala." Pa "chitsime" anapinda chala chimodzi, pa "nkhalango" china. Tsamba lachitatu anafika ali ndi zala ziwiri zokha zopinda.

Kopelo wapita nalo. Akuti mawa akachoka kutchalitchi abwera ndi makala kuti ajambule Kamba m'malo ndinasiya aja, ndipo mtsikana wanga walonjeza kumubwereka chekeni chake chofiira.