Kubwezera maselo a m'mafupa pa lymphoma yaukali: zolemba za phunziro

Pa chithandizochi, chimene chimapha khansa ndi kemo wamphamvu kwambiri. Maselo obwezeredwawo ntchito yawo ndi kudzutsa mafuta a m'mafupa, opanga magazi, amene kemoyo wawononga. Ukagwira mfundo imeneyi, zina zonse zimamveka.

Wodwala lymphoma ya mtundu wa DLBCL, khansa ya anabele yokula msanga, amayamba ndi kemo wotchedwa R-CHOP maulendo 6, masiku 21 aliwonse. Ikabwerera amapatsidwa kemo wina, R-ICE, R-DHAP kapena R-GDP kawiri kapena katatu, kenako n'kumujambula. Ngati zotupa sizinaphwe, kumupititsa patsogolo n'kumuzunza chabe, chifukwa khansa yokana kemo kawirikawiri imakananso wamphamvuyo. Kafukufuku wa PARMA wa 1995 anaona odwala amene khansa yawo inamvera mankhwala: patatha zaka 5, anthu 46 pa 100 obwezeredwa maselo anali bwino matenda osabwerera, pomwe mwa olandira kemo wamba anali 12 okha.

Maselo amachokera kwa wodwala yemweyo. Amabayidwa filgrastim, mamaikulogalamu 10 pa kilogalamu tsiku lililonse kwa masiku 4 kapena 5, kuti maselowo atuluke m'mafupa alowe m'magazi. Msana ndi chiuno zimaphwanya, koma n'zoyembekezeka. Makina amasefa magazi kwa maola angapo, ndipo pamafunika maselo opanga magazi, otchedwa CD34, osachepera 2 miliyoni pa kilogalamu. Munthu wa makilogalamu 60 ndiye kuti 120 miliyoni. Akaperewera, makamaka kwa amene analandira kemo wambiri kale, amawonjezera plerixafor, mankhwala enanso otulutsa maselowo m'mafupa. Kenako maselowo amawasakaniza ndi DMSO, mankhwala owateteza kuti asawonongeke ndi kuzizira, n'kuwaumitsa mu nayitrojeni.

Kemo wamphamvu uja ndi BEAM: carmustine kutatsala masiku 6 kuti maselo abwezeredwe, etoposide ndi cytarabine kwa masiku 4, melphalan tsiku lomaliza. Maselo amalowa pa dripi ngati magazi, popanda opaleshoni, ndipo DMSO uja amachititsa mpweya wa wodwala kununkha ngati adyo.

Povuta ndi masiku 10 mpaka 14 otsatira, maselo oyera a m'magazi, oteteza thupi, asanabwerere. Melphalan amasupula m'kamwa ndi m'matumbo, ndiye tizilombo ta m'mimba timalowa m'magazi popanda chotiletsa. Kumumunya ayisi pa nthawi yolandira melphalan kumachepetsa zilonda za m'kamwa. Thupi likatentha kufika 38°C, maantibayotiki a mumtsempha ayambe ola lisanathe, osadikira zotsatira za ku labu. Mapulateleti, othandiza magazi kuundana, amatsikiratu, choncho pamafunika nkhokwe ya magazi yosaphonya.

Kwa ife kuno ku Lilongwe, odwala lymphoma ambiri ofika ku Kamuzu Central ali ndi HIV. Kachilomboka si chifukwa chomukanizira munthu ngati ma ARV akugwira bwino. Chofunika n'kupewa ARV wa zidovudine ndi kuimitsa kaye bakitirimu mpaka magazi atabwerera, popeza onsewa amapondereza mafuta a m'mafupa. Hepatitis B ayezedwe asanayambe rituximab (R wa mu R-CHOP), chifukwa matendawa amadzuka n'kuwononga chiwindi.

Odwala athu chithandizochi amakachipeza kunja, monga ku India kapena ku South Africa, koma akabwerako ali m'manja mwathu. Chitetezo chimakhala chofooka kwa miyezi, mashingozi amatuluka kawirikawiri, n'chifukwa chake amamwa acyclovir, ndipo katemera wa kuubwana amayambidwanso pakadutsa miyezi 6 mpaka 12.