Kodi mainjiniya amaphunzirapo madzi akagumula makoma?

Amaphunzira, koma nthawi zambiri anthu atafa kale.

Mu 2005 namondwe wa Katrina anamiza pafupifupi 80 peresenti ya mzinda wa New Orleans ku America. Pa ngalande za 17th Street ndi London Avenue, makoma otchinga madzi anagwa madziwo asanafike n'komwe pamwamba. Vuto linali pansi. Madzi atakankha khoma linapendekeka pang'ono, mpata unatseguka pakati pa khoma ndi dothi, madzi n'kulowamo. Ku 17th Street dothi lofewa linatsetsereka, ku London Avenue madzi anadutsa mumchenga kunsi kwa zitsulo zokhomedwa pansi pa khoma.

Zitatero boma la America linakonza ndi ndalama zoposa madola 14 biliyoni: makoma okhala pa nsanamira zozama, mageti ndi mapampu pakamwa pa ngalande, komanso kulimbitsa kumbuyo kwa daiki (mgula wa dothi wotchinga madzi) kuti madzi akadumpha asakokolole dothi. Namondwe wa Ida atabwera mu 2021 makomawo anapirira, ngakhale magetsi anathima ndipo tawuni ya LaPlace, yomwe inali kunja kwa makomawo, inamira.

Kwathu kuno ndiye pali nkhani. Namondwe wa Ana anawononga Kapichira mu 2022, Freddy anatipweteka mu 2023, koma mu Lilongwe anthu akumangabe mphepete mwa Lingadzi, mchenga ukukumbidwa pafupi ndi milatho, makalavati adzaza mapulasitiki. Inu ovomereza mapulani, funsani zotsatira za kuyeza dothi musanasaine. Funsaninso amene adzayendere madaiki Okutobala aliyense mvula isanayambe, ndi komwe ndalama yake idzachokere.